Tikufuna kusonkhetsa ndalama zojambulira filimu yaifupi yoopsa ya ku Chikangawa: tiyambire pati?

Wojambula wa ku Chibavi analemba:

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa miyezi itatu tsopano. Ndine mnyamata wokhala ku Chibavi muno mu Mzuzu, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi kujambula maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a makwaya. Pamodzi ndi anzanga anayi, awiri mwa iwo ophunzira pa Mzuni, tatsimikiza mtima kujambula filimu yaifupi yochititsa mantha, ya mphindi 15, yochokera pa nkhani imene analemba aphunzitsi anga akale a Chichewa, omwe anapuma ntchito ndipo akukhala ku Ekwendeni. Nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala ine ndili ku sekondale, ndipo pepala lake ndinalisunga mpaka lero ngakhale lafiirira ndi kung'ambika m'mbali.

Kuti mumvetse chimene tikupemphera ndalama, ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Ndi nkhani ya amuna awiri ocheka matabwa m'nkhalango ya Chikangawa. Amene munaionapo ntchitoyi mukudziwa kuti sowo yaikulu ija sagwira munthu mmodzi: wina amaima pamwamba pa chipika, mnzake amakhala pansi, utuchi ukumugwera m'maso ndi m'khosi tsiku lonse. Tsiku lina moto wolusa unabuka, wapamwamba anauona msanga ndi kuthawa osamukuwira mnzake, ndipo wapansiyo anapsa. Patapita masabata awiri bambo uja anabwerera kunkhalango chifukwa anali atadya kale ndalama za matabwa a eni ake. Usiku uliwonse ali gone m'chisakasa amamva sowo ikulira, kukoka ndi kubweza, kukoka ndi kubweza, ndipo kukacha amapeza thabwa limodzi lachekedwa bwinobwino, koma mzere wake wayambira pansi. Mulibe mfiti youluka pa lichero, mulibe chigaza, mulibe magazi. Choopsa chonse chili m'kulira kwa sowo, m'chifunga, ndi mumtima mwa munthu amene akudziwa chimene anachita.

Titakhala pansi ndi kuwerengera, tapeza kuti tikufunika K7,500,000. Kamera tili nayo, koma magetsi ojambulira usiku ndi maikolofoni yabwino tiyenera kukabwereka ku Lilongwe. Zina ndi jenereta ndi mafuta ake, galimoto yotinyamula masiku anayi, chakudya cha anthu 14, malipiro a azisudzo atatu, ndi a munthu wokonza mawu tikamaliza kujambula. M'thumba mwathu tasonkhanamo K900,000 basi. Tikufuna kujambula mu Juni kapena Julayi, nthawi imene chifunga chimatseka msewu wa M1 mpaka dalaivala osaona galimoto ya patsogolo pake, chifukwa chifunga chotero sitingachigule ndipo sitingachipange.

Mafunso anga ndi awa. Kodi tidutse njira iti posonkhetsa ndalamazi, masamba a pa intaneti akunja osonkhetsira ndalama monga Kickstarter kapena manambala a foni basi? Kodi Mmalawi amene amapereka pa maliro, pa ukwati ndi pa matenda angapereke pa filimu, makamaka yoopsa? Komanso aphunzitsi aja nditawapeza anaseka, nandigwira paphewa, nati, “Kapange mwanawe, nkhaniyo ndi yako.” Kodi mawu amenewa ndi okwanira kuti ndiyambe kulandira ndalama za anthu?

Mayi Msungichuma wa ku Katoto anayankha:

Mwana wanga, nkhani yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pamene mwanena za thabwa lochekedwa kuyambira pansi ndachita tsembwe thupi lonse. Ine ndiyankha za ndalama, chifukwa ndakhala msungichuma wa banki m'khonde ya amayi kwa zaka 9, ndipo ndaona chuma chosonkhana chikumanga anthu komanso chikuwadanitsa.

Musakayike zoti Mmalawi amapereka. Koma taonani mmene amaperekera. Pa maliro pamakhala kope, pamakhala munthu wolemba, ndipo nthawi ikakwana wina amaimirira ndi kuwerenga chipepeso mokweza, dzina ndi ndalama yake, ngakhale ikhale K500. Pa perekaniperekani wa ukwati aliyense amaona ndi maso mbale imene ndalama ikugweramo ndi anthu amene akuwerenga. Chimene chimatsegula dzanja la munthu ndi kudziwa kuti ndalama yake yalembedwa ndipo aliyense waiona. Mukumbukira mu Januwale 2021, pamene matenda a Covid-19 anafika poipa, a Onjezani Kenani anatsogolera msonkhesonkhe pa Facebook wogulira zipangizo za m'zipatala. Anthu anapitiriza kupereka chifukwa ankauzidwa pafupipafupi ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka ndi chimene zagula. Uwo unali moyo wa anthu ndipo yanuyi ndi filimu, choncho musayembekezere kuti anthu adzakhamukira chimodzimodzi, koma kasungidwe ka kope ndi komweko.

Ndikuuzeni chimene chinandichitikira. Zaka zingapo zapitazo achinyamata ena amene ndinkawadziwa anafuna kujambula chimbale cha kwaya, ndipo tinasonkha mokondwa, ine ndinaponyapo K20,000. Ndalama zonse zinkapita pa nambala ya mtsogoleri wawo, mnyamata waulemu amene sindingamutche wakuba ngakhale lero. Pakati pa msonkhesonkhewo amalume ake anamwalira, bokosi linafunika tsiku lomwelo, ndipo ndalama inali m'foni yake, m'thumba mwake, iye yekha akudziwa nambala yachinsinsi. Anatapako ndi mtima woti abweza mwezi ukatha. Chimbalecho sichinatuluke, kwayayo inagawanika, ndipo mnyamatayo akandiona pamsika wa Zigwagwa amakhotera njira ina. Tinamulakwira ndife, chifukwa tinamusenzetsa yesero limene munthu mmodzi sayenera kusenza.

Choncho ndikupempheni kuti ndalama isalowe pa nambala imene mumalandirira za maukwati. Tsegulani akaunti ya gulu ku banki, yofuna masiginecha awiri, ndipo mmodzi wa osainawo akhale munthu wamkulu amene sali nawo m'filimuyo, woti angathe kukukanizani. Khalani ndi nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zonse ziwiri, chifukwa munthu akapeza kuti nambala ndi ya kampani ina amati atumiza mawa, ndipo mawalo silifika. Manambalawo agwire ntchito imeneyi yokha, ndipo ndalama isagone m'foni masiku ambiri isanapite ku banki. Loweruka lililonse tulutsani ndandanda wa amene apereka, mutawafunsa kaye ngati akufuna dzina lawo lioneke, ndipo lisiti lililonse lijambulidwe, ngakhale la matumba awiri a makala. Muwerengeretu ndalama zimene zimadulidwa potapa kwa ejenti, chifukwa ambiri amaziiwala, kenaka kope silikwana ndipo miseche imayambira pomwepo.

China chimene anthu amachita nacho manyazi kunena ndi ichi: lembani poyera, musanalandire tambala, chimene mudzachite ndalama zikapanda kukwana. Zikathera pa K3,000,000, kodi mudzabweza, kapena mudzajambula filimu ya mphindi 8 m'masiku awiri? Woperekayo adziwiretu. Ndipo musatalikitse nthawi yosonkhetsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ife amene tinali ndi ndalama m'bokosi tinagawana mapepala omwewo koma ogula zochepa. Bajeti yolembedwa mu Febuluwale ikhoza kukhala nthano pofika Juni. Mukapeza ndalama yokwanira kubwereka magetsi aja, lipiranitu ndi kusunga lisiti.

Mbale wa ku Joni anayankha:

Achimwene, ine kwathu ndi ku Mzimba koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo msewu wa Chikangawa ndaudutsa usiku kambirimbiri pa basi, choncho filimu yanu ndikuiona kale m'maso. Ndikugwirizana ndi zonse zimene anena amayi pamwambapa. Ine ndiwonjezere za masamba akunja mwafunsa aja.

Kickstarter ndi ya ku America, ndipo kuti munthu atsegule pempho ayenera kukhala nzika kapena wokhazikika m'limodzi la mayiko amene iwo anawavomereza, ali ndi akaunti ya banki komweko. Malawi mulibe pa mndandandawo, ndipo ku GoFundMe nakonso mulibe. Mukhoza kudzera mwa mbale wa ku UK kapena ku America, koma pamenepo ndalama yonse yagwera m'dzina la munthu mmodzi amene ali kutali, vuto lomwe lija anena amayi, kungoti tsopano simungathe ngakhale kukamugogodera pakhomo. Komanso lamulo la Kickstarter ndi lakuti mukapanda kufika pa ndalama imene munatchula simulandira kalikonse, ndipo mukafika iwo amadulapo 5 peresenti, kuwonjezera ina ya oyendetsa makhadi. Choposa zonsezi n'chakuti tsambalo silibweretsa anthu lokha. Amene amapereka koyamba ndi amene amakudziwani kale, ndipo anthu okudziwani inu ali ku Chibavi, ku Luwinga, ku Chiputula ndi kuno ku Joni, ambiri a iwo alibe khadi yolipirira pa intaneti. Ife kuno timatumiza ndalama kumudzi pa Mukuru mwezi ndi mwezi, ndipo kuwonjezerapo pang'ono kuti ifike pa nambala yanu si chinthu chachilendo kwa ife.

Ngakhale kunjako msonkhesonkhe sukhala mutu wa ndalama nthawi zonse. Filimu yoopsa ya ku Australia yotchedwa The Babadook, imene inatuluka mu 2014, inakula kuchokera pa filimu yaifupi imene Jennifer Kent anajambula mu 2005. Pa Kickstarter anasonkhetsa madola pafupifupi 30,000 okha, othandizira kumanga malo ojambuliramo, pamene ndalama zambiri zinachokera kwina. Inunso gawani mtolo wanu. Anthu 300 atapereka K10,000 aliyense ndi K3,000,000, ndipo anthu 300 si ochepa, muwalembe mayina papepala muone ngati mufika. Zotsalazo musazifune zonse ngati ndalama. Mwini galimoto amene munamujambulira ukwati akhoza kukubwerekani galimoto inu n'kuthira mafuta, wogulitsa ufa akhoza kupereka thumba, mwini jenereta chimodzimodzi, ndipo mayina awo n'kulembedwa kumapeto kwa filimu. Zimenezinso zilowe m'kope pa mtengo wake.

Za mphatso kwa opereka, musalonjeze malaya kapena makapu, chifukwa mudzapezeka mukusonkhetsa ndalama zosindikizira malaya. Lonjezani zimene sizikudyerani ndalama: dzina kumapeto kwa filimu, mpando pa tsiku loyamba kuonetsa, ndipo kwa ife akutali, mwayi woionera anthu ena onse asanaione.

Koma musanapemphe kanthu, tionetseni kanthu. David F. Sandberg wa ku Sweden anajambula Lights Out mu 2013 m'nyumba mwake, mkazi wake ndiye wosewera, yosakwana mphindi zitatu, ndipo inafala pa intaneti mpaka inasanduka filimu yaitali mu 2016. Inu tengani K200,000 pa ndalama muli nazozo, pitani ku Chikangawa mbandakucha, mujambule mphindi imodzi yokha: chisakasa, koloboyi akuphethira, nkhope ya munthu amene wadzidzimuka, ndi sowo ikulira kunja. Ikhale yopepuka yoti iyende pa WhatsApp osamaliza bandulo ya munthu. Ikandichititsa mantha ine, ndiitumiza ku gulu lathu la anthu a ku Mzimba okhala kuno, ndipo ndidzakhala woyamba kupereka.

Mlangizi wa Zisudzo wa ku Luwinga anayankha:

Achimwene, funso lanu lachitatu ndilo liyenera kukhala loyamba, ndipo yankho lake ndi lakuti mawu apakamwa aja si okwanira. Sindikukayikira aphunzitsi anuwo, ananena ndi mtima wonse. Koma malinga ndi lamulo la dziko lino loteteza ntchito za luso, la chaka cha 2016, kusandutsa nkhani yolembedwa kukhala filimu ndi ufulu wa mlembi yekha, ndipo ufuluwo sutha tsiku limene iye watsikira kuli chete, umapita kwa olowa m'malo mwake. Aphunzitsiwo ndi achikulire. Ana awo, amene sanalipo pamene ankakugwirani paphewa, akadzaona dzina la bambo awo pa chikwangwani ndi kumva kuti panasonkhedwa mamiliyoni, adzakhala ndi chifukwa chomveka chofunsira, ndipo inu simudzakhala ndi chowaonetsa. Zikondwerero za mafilimu zakunja nazonso zimafuna kuti wotumiza filimu atsimikize kuti ali ndi ufulu pa zonse zili m'menemo.

Mgwirizanowo sufunika kukhala wautali. Utchule dzina la nkhaniyo, unene kuti akukulolani kupanga filimu yaifupi imodzi, kwa zaka zingati, yoonetsedwa kuti ndi kuti, kuphatikizapo pa intaneti, ndiponso ngati ufulu wodzapanga filimu yaitali ukhala kwa iwo kapena kwa inu. Utchule chimene iwo alandire, ngakhale chikhale chochepa, chifukwa n'chamanyazi kuti jenereta ilipiridwe koma mwini nkhani atsale chimanjamanja. Asaine pamaso pa mboni ziwiri, mmodzi akhale mwana wawo kapena mayi akunyumba. Muwafunsenso ngati pamene ankapereka nkhaniyo ku nyuzipepala anasainirana pepala lina lililonse. Ndipo muwauze zimene mukufuna kusintha, chifukwa mlembi ali ndi ufulu wotchulidwa dzina komanso wokana kuti ntchito yake ipotozedwe monyazitsa. Mapeto a nkhani ndiwo amayambanitsa olemba ndi ojambula kawirikawiri, choncho mugwirizane musanayatse kamera.

Nyimbo nazonso musazitole chitoletole. Ngati mukufuna nyimbo ya maliro, musatenge imene kwaya ina inajambula kale popanda chilolezo. Bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa oimba ndi olemba pa ntchito zawo, limene lakhalapo kuyambira 1992, ndilo loyenera kulifunsa pa zimenezi, koma njira yosavuta ndi kupempha woimba wa konkuno kuti akupekereni yanuyanu ndi kusainirana naye. Azisudzo anu nawonso asaine kuti alola nkhope ndi mawu awo kuonetsedwa.

Pomaliza, filimu yoonetsedwa pagulu imayenera kudutsa ku Censorship Board, malinga ndi lamulo la 1968, kuti aione ndi kunena msinkhu wa oyenera kuionera. Musadikire kuti holo mwalipira kale ndi matikiti mwagulitsa. Lankhulani nawo musanayambe kujambula kuti akuuzeni zonse zofunika ndi ndalama zake, ndipo zimenezo mulowetse m'bajeti, chifukwa pa K7,500,000 mwatchulayo sindikuonapo mzere wa zilolezo.

Agogo a ku Lusangazi adayankha:

Mdzukulu wanga, anzangawa akuuzani za ndalama ndi za mapepala, ndipo anena zoona. Ine mtima wanga uli pena. Ndidagwira ntchito m'nkhalango imeneyo zaka zambiri, ndidagona m'zisakasa zimene mukunenazo, ndipo poyamba nditawerenga ndidafuna kukuletsani.

Taganizani mmene mudzaonekere kwa munthu amene sakukudziwani. Galimoto yachilendo yaima m'nkhalango pakati pa usiku, anthu 14 ovala zipewa ndi majekete akuda chifukwa cha kuzizira, matochi, mawaya, jenereta ikulira, wina akukuwa mobwerezabwereza ngati akuphedwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma ena a kummwera, ndipo mu 2020 mphekesera zomwezo zidafika kuno kumpoto. Amene adamenyedwa sadali ndi mlandu wina koma kukhala alendo, kuyenda usiku, kapena kunyamula chikwama chimene anthu sadachimvetse. Mantha amene inu mukufuna kuwaika pa kanema, anthu ena amagona nawo, ndipo munthu wamantha atanyamula chikwanje safunsa kawiri.

Choncho ngati mupita, mupite masana kaye, osati kamodzi. Kaonekereni kwa a Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo mudziwe kuti gawo lina la nkhalangoyo lili m'manja mwa kampani ya Raiply, ndiye mufunse bwino kuti malo mwasankhawo ndi a yani. Kaonekereni kwa amfumu a midzi yoyandikana ndi kwa apolisi a m'deralo, muwauze masiku ndi maola. Pa anthu 14 aja, atatu kapena anayi akhale a komweko, olipidwa, oti wina akabwera ndi mkwiyo amve mawu a munthu amene akumudziwa akumuyankha m'Chitumbuka. Ndalama ya zimenezi ilembedwe m'bajeti poyera, ndipo opereka auzidwe chifukwa chake. Za moto ndiye ndisachite kunena zambiri: masamba a paini ouma amayaka ngati athiridwa parafini, ndipo mukayesa kuyatsa moto weniweni kuti chithunzi chikome, mudzalipira ndi zambiri kuposa filimu. Pezani malo amene adapsa kale, alipo ambiri.

Chimene chandibweza kuti ndisakuletseni ndi chakuti m'nkhani ya aphunzitsi anuwo mulibe gogo wolozedwa chala. Ife okalamba tatopa ndi masewero amene mayi wa imvi ndi maso ofiira ndi utsi wa kukhitchini ndiye amakhala mfiti nthawi zonse, ana n'kumaonera, mawa n'kumamugenda gogo weniweni wa pamudzi. Lamulo la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akuphedwa. Wina mwa opereka ndalama zambiri akadzakuuzani kuti muikemo mfiti kuti filimu igulike, mubwezereni ndalama yakeyo.

Ndikupemphaninso kuti ocheka matabwa musawaonetse ngati zinyama za m'tchire. Ndi abambo a ana, amatumiza ndalama kumudzi, amaseka, amaphika nsima ndi usipa pa mafuwa, amanola sowo ndi tupa madzulo aliwonse dzino limodzilimodzi. Wapansi amamanga kansalu kumaso chifukwa cha utuchi, ndipo awiriwo salankhulana kwambiri pocheka, amamverana m'manja, wina akatopa mnzake amadziwa sowo isanaime. Azisudzo anu akakhale nawo masiku awiri aphunzire kugwira chida chimenecho, chifukwa wocheka weniweni akadzaona wosewera akukankha sowo pamene amayenera kukoka, mantha onse adzathera pomwepo ndipo adzayamba kuseka.

Wojambula wa ku Chibavi anayankhanso:

Ndathokoza kwambiri nonse, yewo chomene. Dzulo madzulo tinakumana onse asanu ndipo tinawerenga mayankho anu limodzilimodzi. Ndivomere kuti ndinali nditakonza kale chithunzi cholengezera chokhala ndi nambala yanga ya foni, ndipo ndachifufuta.

Amayi a ku Katoto, akaunti titsegula, ndipo wosaina wachiwiri tapempha mkulu wa mpingo wina amene si mbale wa aliyense wa ife. Tagwirizana kuti kusonkhetsa kukhale kwa masiku 45, ndipo tilemba poyera kuti zikapanda kufika K3,500,000 tidzabweza ndalama kwa aliyense, kupatula zodulidwa potumiza, koma zikadutsa pamenepo osafika pa bajeti yonse tidzajambula filimu yofupikirapo m'masiku awiri. Achimwene a ku Joni, mayina tayamba kulemba ndipo tafika pa 170, zimene zatiphunzitsa kuti tinkadziyesa odziwika kuposa mmene tilili. Mphindi imodzi ija tijambula, koma tidzaijambula titakaonekera kaye kwa amfumu ndi kwa a zankhalango monga anenera agogo. Bajeti yakwera ndi K850,000 chifukwa cha zilolezo, malipiro a anthu a komweko, ulendo wa azisudzo wokaphunzira kucheka, ndi gawo la aphunzitsi, limene ndikuchita manyazi kuti sindinaliganizire.

Pa nkhani ya mapeto, a Mlangizi mwalasa penipeni. M'nkhani ya aphunzitsi, bambo uja usiku womaliza amatuluka m'chisakasa, amatsikira pansi pa chipika pamalo a mnzake, n'kugwira sowo, ndipo nkhani imathera pomwepo osatiuza amene ali pamwamba. Ine ndinkafuna kuti kamera ikweze maso tione mapazi opserera ataima pa chipikacho, chifukwa ndikuopa kuti anthu amene apereka ndalama zawo adzatuluka m'holo akudandaula kuti sanaone kanthu. Anzanga awiri akugwirizana nane, awiri akukana. Ndawaimbira aphunzitsi m'mawa uno kuwauza kuti Loweruka ndikubwera ndi pepala, ndipo ndinawatchulirako za mapaziwo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati tidzakambirane pamaso, ndipo ndibwere ndi pepala la nyuzipepala lija chifukwa lawo linatayika pamene ankasamuka.

Agogo a ku Lusangazi, ndili ndi pempho kwa inu. Mwa ocheka amene munagwira nawo ntchito, kodi alipo awiri amene akadali ndi sowo yawo ndipo angalole kuti tiwajambule mawu okha, mbandakucha mphepo isanayambe? Tidzawalipira tsiku lathunthu, ndipo ngati mungalole kutiperekeza, mpando wakutsogolo m'galimoto ndi wanu.